Masamba Atatu a Nachisale

Santhe, 14 Okutobala 2023

Mwana wanga Idah,

Moni kumeneko ku Joni. Kaya uli bwanji pamodzi ndi nkhalamba zachizungu ukuzisamalazo? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa lanyanya, fumbi mpaka m'mano.

Ndine mayi ako ndikuyankhula, cholembera chili ndi bambo ako monga mwa masiku onse. Ndakhala mbali ya khutu lakumanja poti lakumanzere lija linatseka kalekale. Ndiye ndikuchita kukuwa, moti nkhani zathuzi anansi athu a kwa Aloysius azimva kale iwe usanaziwerenge. Za foni usanenenso. Bambo ako pa foni amangoti eya, eya, ukadula nkundifunsa kuti amayankhula ndani. Bola pepala, amaliwerenga kawiri katatu. Grey akuti lole yake ya ku Joni inyamuka Lachiwiri, ndiye kalatayi tipatsira iyeyo.

Kodi tsamba la chaka chino unalilandira? Sunanene kanthu. Ukuwadziwa bambo ako, chichokere iwe, chaka chilichonse akamaliza kusankha fodya amapatula tsamba limodzi loposa onse nkuliika mu envelopu yako. Akufunsa ngati linafika losathyoka.

Tsopano pali nkhani. Kaya ndiyambire pati. Lembani a Chisale, musandiyang'ane choncho.

Mwezi wathawu tinafesa nazale kudimba. Ukukumbuka mmene imakhalira mbewu ya fodya, ngati fumbi, timaisakaniza m'madzi mu keni nkuthirira pa bedi. Bambo ako anafesa mmawa ine ndikuona. Masana ndili kunyumba anabwereranso, nkufesanso pa bedi lomwelo. Mbande zatuluka zothinana ngati ubweya wa mbuzi, popanda poponya chala. Munthu wafesa fodya zaka makumi anayi, anali wosankha fodya ku esiteti iwe usanabadwe, sanachitepo zimenezi.

Sizokhazo ayi. Tsiku la msika anapita pa njinga, nkubwerera wapansi, njinga ataisiya pa chigayo. Maina a anthu nawo amawathawa. Koma njira amaidziwa, ndevu amameta okha, kutchalitchi amatsogolera pemphero bwinobwino. Ndiye ine sindikudziwa, mwina ndi ukulu chabe. Koma mtima sunandikhale pansi, ndinawakakamiza tinapita kuchipatala ku boma.

Adokotala anawauza mawu atatu kuti awasunge, nkuwajambulitsa wotchi papepala. Wotchi anajambula yokongola. Mawu atatu aja anabweza limodzi. Akuti kuiwala kulipo ndithu, koma sikunafike pa matenda enieni aja oti munthu sadziwa ana ake. Akuti ena amaima pomwepa zaka ndi zaka, ena amapitirira. Ndinafunsa kuti nanga awa ali mbali iti, anati palibe angadziwiretu. Anapezanso kuti magazi akuthamanga kwambiri, anatipatsa mapilitsi. Ananena zina zambiri, koma mutu wanga unali utatsalira pa mawu oti ena amapitirira.

Iwe umakhala ndi anthu otere tsiku lililonse. Tiuze chochita. Ndipo tiuze ubwera liti, zaka zisanu ndi chimodzi si masewera.

Ndine mayi ako,
Lefina Nankhoma

Nachisale, ndine bambo ako tsopano. Amayi akowa akukulitsa nkhani. Bedi ndinafesa kawiri, ndavomera. Njinga inapezeka, mpweya uli momwemo. Ndalemba zonse monga anenera chifukwa ine sindiba mawu a munthu. Y. Chisale.


Johannesburg, 5 Novembala 2023

Amayi ndi abambo,

Moni nonse. Ine ndili bwino. Ndikulemba mothamanga, Grey waima panja ndipo ine ndikulowa ntchito posachedwa.

Tsamba linafika bwino, abambo, pepani sindinanene. Lili mu Baibulo pamodzi ndi anzake asanu. Ndikatsegula chipinda chonse chimanunkhira chigafa chathu.

Amayi, kalata yanu yandiopsa. Kuno ndimaona komwe msewu umenewu umathera, sindifuna abambo afike kumeneko. Chonde asamatope. Apumule. Auzeni achimwene a Jeremiya atenge ntchito, zaka zimene abambo agwira zakwana.

Zobwera chaka chino sizitheka. Mapepala anga sanatuluke, ndikadutsa malire mwina sindidzaloledwa kubwereranso, ndipo malo angawa ena akuwadikira. Ndatumiza jekete ya abambo ndi nsalu ziwiri, ina yanu ina ya alamu a Sellah.

Ndine mwana wanu,
Idah


Santhe, 25 Febuluwale 2024

Idah,

Moni mwana wanga. Usadabwe ndi kalembedwe, lero akundilembera ndi apongozi anga a Sellah. Tachedwa kuyankha chifukwa lole ya Grey inafa miyezi iwiri. Nsalu tinalandira, zikomo. Kodi uli moyo? Kodi ukudya?

Tinachita monga unanenera. Mlongo wako Jeremiya anatenga munda wonse. Njinga tinaikweza kudenga. Ku msonkhano wa akulu a mpingo ndinawaletsa, poti amakangokhala osamva, ena nkumaseka akayankha zosiyana ndi funso. Cholembera nacho ndinawalanda, ndimati kulemba kumatopetsa mutu.

Palinso china, kaya ndinene. Lembani basi a Sellah, inunso munazimva. Kumjigo anthu anayamba kunena kuti a Chisale anakhwimira fodya, ndiye mankhwala awatembenukira. Akuti nchifukwa chake mabelo awo sankabwezedwa ku okushoni. Munthu woti moyo wake wonse sanapondepo pakhomo pa sing'anga! Zinandipweteka. Ndinati basi, asamaonekenso, azikhala pakhonde. Alendo akabwera ndimati agona.

Koma Idah, kupuma kumeneku sikukuwayanja.

Fodya tayamba kuthyola. Tikamasoka masamba m'chigafa, iwo amakhala pakhonde atavala jekete yako ija, maso ali kuchigafako. Tsiku lina anadzuka nkubwera, anatola singano. Jeremiya anati, "Khalani pansi bambo, Idah anati mupumule." Anaiika pansi singano ija bwinobwino, nkubwerera. Sanakane. Bambo ako amene ankakangana ndi wailesi, sanakane.

Sindikuti Jeremiya analakwa, a Sellah, lembani kuti sindikutero. Mwana akumvera mlongo wake.

Masiku ano sayankhula. Chakudya amangotola pang'ono. Ukukumbuka mmene ankaimbira nyimbo za m'buku akamasoka fodya, mawu onse olondola koma chuni chake chawochawo? Ankati, "Nankhoma, bwera undithandize, mawu ako ndi oipa koma ndawazolowera." Zonsezo zii. Ine ndimadzuka nawo nyumba imodzi, ndimawapatsa madzi osamba, koma ndawasowa. Kaya zikumveka. Munthu ali pompano koma ndawasowa ngati mmene ndakusowera iwe uli kutsidya kwa malire.

Mapilitsi aja anatha pa Khirisimasi. Mutu unali utasiya kuwawa, ndiye tinati achira, sitinakatengenso ena.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Lamulungu anatenga chithunzi chako chija cha pa kabati, anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Nankhoma, mtsikana uyu ndi wathu, ndikumudziwa. Dzina lili apa pakhosi." Ndinati ndi Idah. Anati, "Eya, Idah. Uja anati ndikhale pansi."

Ndiye ndikufunsa, apume mpaka liti? Kapena pali pamene talakwitsa? Ine sukulu ndinalekera sitandade 2, ukanena chinthu ndimachita chonse.

Mayi ako,
Lefina

Alamu, ndine Sellah. Amayi alira polemba kalatayi, anati ndisanene. Yankhani msanga.


Johannesburg, 17 Malichi 2024

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndaiwerengera m'bafa la kuntchito kuti anthu asandione nkhope.

Amayi, wolakwa ndine. Ndimati asamanyamule mabelo, asamapalase njinga dzuwa lili pamutu. Sindimati muwalande moyo wawo wonse. Ndinalemba mothamanga mawu awiri, inu nkuwasunga miyezi inayi. Ndikhululukireni, ndipo muwauze abambo kuti Idah sanati akhale pansi.

Ndinakhala pansi ndi nesi wamkulu wa pano, ndinamuwerengera makalata anu onse. Akuti kuiwala kwa abambo kukhoza kuima kapena kupitirira, monga ananenera adokotala. Zina zimene zimakukankha sitingazisinthe, monga zaka, kapena ngati zili m'magazi a kubanja. Koma zina zili m'manja mwathu, ndipo atazitchula ndinachita manyazi, chifukwa zambiri tazichita tokha.

Choyamba mapilitsi. Kuthamanga kwa magazi sikudikira kuti mutu uwawe. Kumawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete. Mapilitsi amenewo si a malungo oti ukachira wasiya, ndi a tsiku lililonse. Pitani mawa, ndipo akawayezenso shuga, nayenso amachita zomwezo.

Makutu nawo musawatenge ngati nkhani yoseketsa. Munthu akasiya kumva amasiya kucheza, akasiya kucheza mutu umagona. Akawaone kuchipatala, mwina lakumanjalo langodzaza litsiro, amatsuka.

Koma chachikulu ndi khondelo. Kuno ndili ndi nkhalamba khumi ndi ziwiri. Amene amapita kukathirira maluwa, amene amakangana pa makadi, amakhala nafe nthawi. Amene amangokhala pawindo kudikira ana awo, amazima tikuona. Kukhala wekha, kusowa chogwira, kukhumudwa kosafuna ndi chakudya chomwe, zimenezo zimathamangitsa matendawa. Zosadya ndi kusayankhulazo mukawauzenso adokotala, akuti nazo zili ndi chithandizo. Mwayi wake abambo fodya amangolima, sasuta, ndipo mowa sadziwa. Zimenezo zili kumbali yathu.

Sindikukulonjezani kuti achira. Nesi anandiuza mosabisa kuti ena umachita zonse koma amapitirirabe. Koma tisawakankhe ndife.

Abwerere kutchalitchi, akhale kutsogolo. Za kumjigo zisiyeni, azungu ndikuwasambitsa kunowa anakhwimira fodya wa ndani? Aziyenda mmawa ndi inu mpaka kudimba. Fodya akauma muwaike posankha. Ndipo abwezereni cholembera. Kalata yotsatira ndikufuna dzanja lawo, ngakhale mizere ikhote. Alamu a Sellah, zikomo, musandimve molakwika.

Pano pali gogo wina amandiitana dzina la mwana wake, ine ndimavomera. Ndimamupesa tsitsi, ndimamudyetsa. Ndikamatero ndimaganiza kuti kodi wanga bambo akuyang'ana chithunzi changa ndi ndani.

Idah wanu


Santhe, 9 Juni 2024

Mwana wanga Idah,

Moni. Taona dzanja ili, walizindikira? Ndakhalanso mbali ya khutu lakumanja. Kalatayi taiyamba Lachisanu, lero ndi Lamulungu, timalemba pang'ono nkupuma. Kodi kuzizira kwayamba kumeneko? Kuno mmawa mame mbwee.

Kuchipatala tinapita. Shuga alibe. Mapilitsi ndimawapatsa ndekha ndi phala, botolo ndinalimangirira ku chikombe cha mchere kuti nanenso ndisaiwale. Khutu lakumanja analitsuka, zimene zinatulukamo sindingalembetse. Lakumanzere akuti linapita basi. Koma tsopano sindikuwa kwambiri, moti a kwa Aloysius adandaula kuti nkhani zathu zawasowa.

Za posankha fodya ndiye panali nkhondo. Jeremiya anakana. Anati, "Amayi, akasakaniza magiredi belo likabwezedwa ku okushoni, chaka chonse chapita. Idah ali ku Joni, adzadya nafe manyaziwo?" Mwanayo sananame. Nane ndinali ndi mantha omwewo. Munthu wofesa kawiri, angalephere kuika tsamba lapansi pa mulu wa apamwamba?

Ndinadikira tsiku la msika, Jeremiya atapita kukabwereka jeke yodindira mabelo. Mmawa, fodya akadali wofewa ndi mame, ndinayala mphasa m'chigafa, ndinatsitsa mikangala isanu, timitengo topachikapo fodya tija. Ndinati, "A Chisale, tabwerani mundithandize, maso anga sakuona mtundu." Anati, "Idah anati ndikhale pansi." Ndinati, "Eya, khalani pansi apa, pa mphasa."

Anakhala. Poyamba anangowayang'ana masamba aja. Kenako anatola limodzi, analitambasula pa bondo, analisisita ndi chala chachikulu monga amachitira muja, analiyang'anitsa kowala. Analiika kumanja. Anatola lina. Idah, manja aja anayamba kuyenda okha. Aatali uku, aafupi uku, ofiirira paokha, ong'ambika kumbuyo. Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva nyimbo. Chuni chake chomwe chija chosadziwika kutchalitchi kulikonse. Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa chigafa kanthawi.

Musalembe kuti ndinalira. Mwalemba kale? Inu a Chisale inu.

Jeremiya atabwera nkhope inasintha. Anagwada nkuyamba kufufuza mulu ndi mulu, tsamba ndi tsamba. Sanapeze ngakhale limodzi losochera. Ali mkati mofufuza, bambo ako anakoka kamtolo pa mulu umene Jeremiya anasankha dzulo lake, anati, "Kodi anasankha apa ndani? Ili ndi lapansi, lalowa bwanji kwa akuluakulu? Ameneyu ku esiteti akanamubweza pa geti." Sellah anathawira kukhitchini ndi chitenje kukamwa. Chiyambire tsiku limenelo amasankha awiri, bambo ndi mwana, ndipo amakangana mpaka nkhuku kuthawa.

Koma ndisakunamize mwana wanga, ndiwe wamkulu. Kuiwala sikunachoke. Amadya nkufunsa ngati tadya. Dzulo bambo ako anamuitana Sellah kuti mayi a kumpingo. Kutchalitchi amapita, amakhala kutsogolo, koma pemphero lalitali anasiya, amaopa kusochera pakati. Masiku ena amadzuka ali owala, masiku ena ngati kuli nkhungu. Adokotala akuti tizibwera miyezi itatu iliyonse aziona ngati zaima kapena zikuyenda. Ine ndikuona ngati zayamba kuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi nthawi ya dzinja ija, koma kaya, mwina ndi mtima wanga ukufuna choncho.

Ukatsegula envelopu usadabwe, muli masamba atatu. Lachisanu anasankha tsamba lako, analipinda bwino, analiika. Loweruka ndinawaona akufufuzanso m'mulu, anati, "Nankhoma, tsamba la mwana sitinapatule." Ndinawasiya, anasankha lachiwiri nkuliika. Lero mmawa aikanso lachitatu. Jeremiya wawaona onse, akuti pa fodya yense wa chaka chino palibe oposa amenewa. Ndiye ine sindichotsapo. Ndipo inu mukulembanu musachotse, mwamva?

Tsopano mawu anga omaliza. Jekete tinalandira, nsalu tinalandira. Koma jekete siyankha munthu akaiitana. Za mapepala ako ine sindizidziwa, za ntchito sindizidziwa, mwina ndikupempha chinthu chokuwonongera. Ndaganiza masiku ambiri ngati ndinene. Koma ukati udikire chaka china, sindikudziwa kuti udzapeza ndani pakhondepo. Bwera akadakudziwa.

Ndine mayi ako,
Lefina Nankhoma

Nachisale. Ndalemba zonse, ngakhale zondinena. Akuti masamba ndaika atatu. Ine ndikukumbuka limodzi, koma Nankhoma sanama. Dzina lako lina lija limandithawa nthawi zina, ndiye ndalilemba ndi khala pa mtengo wa chigafa. Koma la Nachisale silingathawe, ndi langa lomwe. Unali kamwana unkakhala pa mphasa nkumandipatsira masamba, unkati onse ndi giredi yoyamba. Ukabwera udzandipatsirenso. Y. Chisale.


Johannesburg, 30 Juni 2024

Amayi ndi abambo,

Moni. Masamba afika onse atatu, osathyoka.

Ndalankhula ndi abwana. Akuti malo anga sangandisungire kupitirira mwezi, ndipo za pa malire palibe akundilonjeza kanthu. Ndawauza kuti ndamva. Grey anyamuka kuno pa 3 Ogasiti, wandisungira mpando kutsogolo. Akuti tikayenda bwino tifika pa Santhe Lachitatu masana.

Achimwene a Jeremiya asadinde fodya yense. Andisiyireko mikangala iwiri ndi mphasa.

Amayi, ndikadzafika musadzawayese abambo kuti uyu ndani. Ndidzanena ndekha ndikadali pa msewu. Akadzandifunsa katatu, ndidzayankha katatu.

Ndine,
Idah Nachisale